Diso Lachiwiri Pamwamba pa Kamera: Mbiri ya Malenzi Otakata ndi Zosuzumira Zapadera

Kuyambira zaka za m'ma 1930 kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kamera imene atolankhani ambiri ndi ojambula zithunzi za m'misewu ankaidalira inali kamera yaing'ono ya filimu ya mamilimita 35 yokhala ndi choyezera mtunda, imene amalonda ndi ojambula amaitcha rangefinder. Kamera ya mtundu umenewu inali ndi vuto lodabwitsa, chifukwa kapangidwe kake kankalola akatswiri kukonza malenzi otakata, kutanthauza malenzi amene amalowetsa dera lalikulu m'chithunzi chimodzi, abwino kuposa amene makamera ena aang'ono akanatha kulandira, koma kamerayo payokha sinkatha kuonetsa mwini wake malire a zimene malenziwo ankaona. Chimene chinathetsa vutoli ndi kachipangizo kakang'ono ka magalasi kotchedwa chosuzumira chapadera, kamene kankalowetsedwa pamwamba pa kamera kuti wojambula aziikapo diso poyala chithunzi chake, ndipo kachipangizo kameneka, ngakhale kankaoneka ngati chowonjezera chabe, kanasintha kagwiridwe ka ntchito yojambula kwa mibadwo iwiri kapena itatu.

Chiyambi cha nkhaniyi chili mu mzinda wa Wetzlar ku Germany, kumene Oskar Barnack, mmisiri wa kampani ya Ernst Leitz yopanga makina oonera tizinthu tosaoneka ndi maso, anakonza kamera yoyesera cha m'ma 1913 ndi 1914 yogwiritsa ntchito filimu ya kanema, ndipo anasankha kuti chithunzi chilichonse chikhale cha mamilimita 24 m'lifupi ndi mamilimita 36 m'litali. Kamerayi inafika pamsika mu 1925 pa chionetsero cha malonda cha ku Leipzig ndi dzina loti Leica, ili ndi lenzi imodzi yosachotseka ya mamilimita 50 imene anaikonza Max Berek. Nambala ya mamilimita imene imalembedwa pa lenzi imanena za mtunda wa pakati pa lenziyo ndi filimu pamene yalunjikitsidwa pa chinthu chakutali kwambiri, ndipo nambalayo ikachepa dera limene lenzi imaona limakula. Pa filimu ya Barnack, lenzi ya mamilimita 50 imaona pafupifupi madigiri 46 kuchokera pangodya ina ya chithunzi kufika pangodya yoyang'anizana nayo, ya mamilimita 35 imaona madigiri 63, ya 28 imaona 75, pamene ya 21 imaona pafupifupi madigiri 90. Pamwamba pa Leica yoyambayo panali kazenera kosuzumirapo koonetsa dera la mamilimita 50 lokha, ndipo pambali pake panali kangalande kachitsulo kolowetsamo zipangizo, kamene ojambula amakatcha nsapato. Anthu amasiku ano amaidziwa nsapatoyi ngati malo oikapo fulashi, koma pachiyambi inali yonyamula zoyezera mtunda ndi zosuzumira.

Vuto linabadwa mu 1930, pamene kampani ya Leitz inatulutsa Leica yolola kusintha malenzi pochita kupotokola ngati bawuti, ndipo pamodzi ndi lenzi ya mamilimita 50 panabwera Elmar ya mamilimita 35 ndi ina ya 135. Kazenera ka pakamera sikanasinthe, choncho munthu amene waika lenzi ya 35 ankajambula zinthu zambiri kuposa zimene ankaona, ndipo woika ya 135 ankajambula kachigawo kakang'ono ka pakati pa zimene ankaona, osadziwa malire ake enieni. Mu 1932 Leica II inabwera ndi choyezera mtunda cholumikizidwa ku lenzi. Chipangizochi chimaona chinthu kudzera m'mazenera awiri otalikirana pang'ono, n'kuonetsa zithunzi ziwiri zosanjikizana, ndipo wojambula akamapotokola lenzi, kumbuyo kwa lenziyo kumakankha kamkono kamene kamasuntha chimodzi mwa zithunzizo mpaka ziwirizo zitakhala chimodzi, chimene ndi chizindikiro choti chinthucho chidzaoneka bwino pa filimu. Komabe choyezera mtunda chimangouza wojambula za mtunda, sichinena kanthu za malire a chithunzi, kotero kuti munthu wogwiritsa ntchito Leica II ndi lenzi yotakata ankayendetsa diso lake pakati pa kazenera koyezera mtunda ndi chosuzumira cha mu nsapato, n'kulumpha kazenera kachitatu kamene kanalibe ntchito pa lenzi imeneyo. Chaka chomwecho kampani ya Zeiss Ikon ya ku Dresden inatulutsa Contax, ndipo mu 1936 Contax II inaphatikiza choyezera mtunda ndi kosuzumirapo mu zenera limodzi, koma zenera limenelonso linali la mamilimita 50.

Malenzi oyamba a mamilimita 28 anali olowetsa kuwala kochepa kwambiri. Kukula kwa chibowo cholowera kuwala kumalembedwa ndi nambala yotsogozedwa ndi chilembo cha f, ndipo nambalayo ikakula ndiye kuti chibowo chachepa. Tessar ya Zeiss ya mamilimita 28, imene inatuluka cha m'ma 1933, sinkatseguka kupitirira f/8 ndipo sinalumikizidwe n'komwe ku choyezera mtunda, pamene Hektor ya Leitz ya mu 1935 inkafika pa f/6.3. Kusalumikizidwa kwa Tessar sikunali kunyalanyaza, koma kunachokera pa mfundo imene inadzakhala maziko a kajambulidwe konse ka malenzi otakata, yoti lenzi ikakhala yaifupi, dera limene zinthu zimaoneka bwino kutsogolo ndi kumbuyo kwa malo olunjikitsidwawo limakula kwambiri. Lenzi ya mamilimita 50 pa f/8 ikaikidwa pa mamita pafupifupi 10 imaonetsa bwino zinthu zonse kuyambira mamita 5 kufika kutali kopanda malire, ya 28 ikaikidwa pa mamita 3 ndi pang'ono imayambira pa mita imodzi ndi theka, pamene ya 21 ikaikidwa pafupi ndi mamita 2 imayambira chapafupi ndi mita imodzi. Wojambula amene wadziwa zimenezi sasowanso choyezera mtunda, chifukwa amangoika mtunda pa manambala olembedwa pa lenzi asanafike pamalo ojambulira, n'kusiya diso lake pa chosuzumira chapamwamba.

Zosuzumira zimene zinapangidwa m'zaka zimenezo zinatsata njira zosiyana, ndipo njira iliyonse inali ndi cholakwika chake. Kampani ya Leitz, imene inkapatsa katundu wake aliyense dzina la zilembo zisanu kuti ogulitsa asamalipire zambiri poitanitsa pa telegalamu, inatulutsa cha m'ma 1933 chosuzumira chotchedwa VIDOM, chogwira ntchito pa malenzi onse kuyambira mamilimita 35 kufika 135. M'kati mwake munali timapepala tachitsulo timene tinkayandikana wojambula akapotokola mphete, n'kuchepetsa chithunzi kuti chigwirizane ndi lenzi, zimene zinkachititsa kuti pa 135 patsale kachithunzi kakang'ono pakati pa mdima, ndiponso chithunzicho chinkaoneka chotembenuka, za kumanzere zili kumanja, moti kutsatira munthu woyenda kunali kosokoneza mutu. VIOOH, imene inalowa m'malo mwake cha m'ma 1940, inakonza kutembenukako, ndipo pofuna mamilimita 28 ankaiveka kutsogolo kagalasi kowonjezera kotchedwa TUVOO. Akatswiri a Zeiss anasankha njira ina, yomanga timagalasi tisanu pa gudumu lozungulira, kamodzi ka lenzi iliyonse ya 28, 35, 50, 85 ndi 135, kotero kuti chithunzi chinkadzaza diso pa lenzi iliyonse, ngakhale kuti chipangizocho chinali cholemera ndi chachikulu pamwamba pa kamera imene ubwino wake wonse unali kuchepa.

Njira imene inapambana pa malenzi otakata inali ya chosuzumira cha lenzi imodzi yokha, chokhala ndi galasi lochepetsa zinthu kutsogolo ndi galasi lokulitsa kumene kumakhala diso, ndipo chinafika pachimake chitaphatikizidwa ndi nzeru ya Lieuwe van Albada, msilikali wa ku Netherlands amene ankachita kafukufuku wa magalasi. Mu chosuzumira cha mtundu wa Albada, mizere yowala yosonyeza malire a chithunzi imalembedwa kuzungulira galasi la kudiso, ndipo mbali ya m'kati ya galasi lakutsogolo imapakidwa kuti ikhale theka kalilole, theka zenera, moti mizereyo imabwezedwa ku diso n'kumaoneka ngati yayandama patali pamodzi ndi zinthu zojambulidwazo. Phindu lalikulu la kapangidwe kameneka n'loti wojambula amaona zimene zili kunja kwa mizere, choncho amadziwa za munthu kapena galimoto imene yatsala pang'ono kulowa m'chithunzi isanalowe. Zosuzumira za Leitz monga SBLOO ya mamilimita 35, SLOOZ ya 28 ndi SBKOO ya 21 ndi za mtundu wa mizere yowala, ndipo ojambula ambiri amaziyesabe zabwino kuposa zambiri zimene zinapangidwa pambuyo pake.

Palibe chosuzumira chimene chinathetseratu vuto lotchedwa parallax, limene ndi kusiyana kwa zimene zimaoneka pamene chinthu chimodzi chikuonedwa kuchokera pamalo awiri, monga mmene chala chotambasulidwa kutsogolo kwa nkhope chimaonekera ngati chasuntha munthu akatsinzina diso lina kenako linzake. Chosuzumira cha mu nsapato chimakhala masentimita 5 kapena 6 pamwamba pa pakati pa lenzi, ndipo kusiyana kumeneku sikuchepa kapena kukula, koma kuopsa kwake kumadalira kukula kwa dera lojambulidwa. Lenzi ya mamilimita 135 pa mtunda wa mita imodzi ndi theka imatenga dera la masentimita pafupifupi 24 kuchokera pansi kufika pamwamba, moti masentimita 6 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a chithunzi, lokwanira kudula mutu wa munthu, ndipo n'chifukwa chake zosuzumira za malenzi aatali zinali ndi kachitsulo kopendeketsa chosuzumiracho molingana ndi mtunda. Lenzi ya mamilimita 21 pa mita imodzi imatenga dera loposa mita imodzi kuchokera pansi kufika pamwamba, ndipo masentimita 6 omwewo amangokhala gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 20, choncho opanga ankangowonjezera kamzere kodukaduka kumtunda kosonyeza malire a zinthu zapafupi. Chimene kamzereko sikangakonze ndi kuimirana kwa zinthu zapafupi ndi zakutali, chifukwa mtengo umene mu chosuzumira ukuoneka pambali pa denga la nyumba ungathe kuoneka utaphimba zenera pa filimu. Palinso cholakwika china chimene mabuku a malonda sankachitchula kawirikawiri, choti galasi lakutsogolo la chosuzumira chotakata limapinda mizere yowongoka ya m'mphepete kuti ioneke yotukuka, pamene lenzi yeniyeni ikuijambula yowongoka, kotero kuti chipangizo choonera chinali chonama kuposa chipangizo chojambulira.

Funso lofunika n'loti n'chifukwa chiyani ojambula anapirira zonsezi kwa zaka zambiri, ngakhale pamene makamera oona kudzera mu lenzi yeniyeni anali atayamba kupezeka. Yankho lili pa malo a pakati pa lenzi ndi filimu. Mu kamera yoona kudzera mu lenzi mumakhala kalilole wopendekeka amene amatumiza chithunzi ku diso ndipo amadumphira m'mwamba pa nthawi yojambula, choncho kumbuyo kwa lenzi kuyenera kukhala kutali ndi filimu ndi mamilimita pafupifupi 40 kuti kalilole asakugunde. Mu kamera ya choyezera mtunda mulibe kalilole, pa Leica yopotokola mtunda wa pakati pa pomangira lenzi ndi filimu unakhazikitsidwa mu 1931 kukhala mamilimita 28.8, ndipo galasi lakumbuyo la lenzi linkatha kulowa m'kati mwa kamera mpaka kutsala pang'ono kukhudza nsalu ya shata. Ufulu umenewu unalola akatswiri kuyala magalasi mofanana kutsogolo ndi kumbuyo kwa chibowo, ndipo magalasi akayalidwa motero zolakwika zina za theka lakutsogolo, makamaka kupindika kwa mizere, zimafafanizidwa ndi za theka lakumbuyo. Biogon ya mamilimita 35 ya f/2.8, imene Ludwig Bertele anaikonzera Contax pakati pa zaka za m'ma 1930, inali ndi galasi lakumbuyo lalikulu lolowa kwambiri m'kamera moti silinkakwana mu Contax IIa imene inapangidwa ku Stuttgart mu 1950.

Malenzi otakata kwambiri anachokera ku ntchito yojambula dziko kuchokera mu ndege pofuna kukonza mapu, kumene mzere wopindika pa chithunzi umatanthauza malire olakwika pa nthaka. Topogon ya Robert Richter wa ku Zeiss, ya mu 1933, inapangidwira ntchito imeneyi, ndipo kapangidwe kake kanadzaoneka pa makamera aang'ono mu W-Nikkor ya mamilimita 25 ya f/4 ya mu 1953 ndi mu Orion-15 ya mamilimita 28 ya ku Soviet Union. Chopinga chachikulu cha malenzi otere chinali mdima wa m'ngodya za chithunzi, chifukwa kuwala kofika pa filimu mopendekeka kumachepa mofulumira, ndipo pa madigiri 45 kuchokera pakati, amene ndi malo a ngodya pa lenzi ya mamilimita 21, lenzi wamba imafikitsa gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kuwala kwa pakati. Mikhail Rusinov wa ku Leningrad anasonyeza, mu kapangidwe kamene kanatetezedwa ndi lamulo mu 1946, kuti kuika magalasi aakulu obalalitsa kuwala kutsogolo ndi kumbuyo kwa lenzi kumachititsa chibowo kuoneka chokulirapo kwa kuwala kochokera m'mbali, zimene zimachepetsa mdimawo. Bertele, amene pa nthawiyo anali atasamukira ku kampani ya Wild ku Heerbrugg m'dziko la Switzerland, anagwiritsa ntchito mfundo yofananayo pa Aviogon ya mu ndege, ndipo mu 1954 anapatsa Zeiss Biogon ya mamilimita 21 ya f/4.5, imene inaona madigiri 90 ndi mizere yowongoka mochititsa chidwi. Leitz inayankha mu 1958 ndi Super-Angulon ya mamilimita 21 ya f/4 yokonzedwa ndi kampani ya Schneider ya ku Bad Kreuznach, kenako ya f/3.4 mu 1963, Nippon Kogaku, kampani yopanga makamera a Nikon, inatulutsa yake ya mamilimita 21 ya f/4 mu 1959, fakitale ya KMZ ya ku Krasnogorsk inayamba kupanga Russar ya mamilimita 20 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Canon inafika pa mamilimita 19 mu 1964. Palibe imodzi mwa malenzi amenewa imene inkalola wojambula kuyala chithunzi popanda chosuzumira chake.

Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itatha, makina opangira Contax anatengedwa kupita ku fakitale ya Arsenal ku Kiev, kumene makamera otchedwa Kiev anayamba kutuluka mu 1947, ndipo Biogon ya 35 inapitiriza moyo wake ku Soviet Union ndi dzina loti Jupiter-12, pamene chosuzumira cha gudumu cha Zeiss chinakoperedwa ku KMZ n'kupangidwa chochuluka kwa zaka zambiri.

Opanga makamera sanaleke kuyesa kulowetsa malenzi otakata mu zenera la kamera yeniyeni, koma anakumana ndi malire amene nzeru sizikanatha kuwachotsa. Kulondola kwa choyezera mtunda kumadalira kutalikirana kwa mazenera ake awiri kuchulukitsa ndi kukula kwa chithunzi chimene diso likuona, ndipo kuti zenera lionetse dera lalikulu liyenera kuchepetsa zinthu, choncho chilichonse chopatsidwa kwa lenzi yotakata chimalandidwa kwa lenzi yaitali imene imafuna kuyeza mtunda molondola. Leica M3 ya mu 1954 inasankha kulondola, ndi zenera loonetsa zinthu pa mlingo wa 0.91 wa kukula kwake kwenikweni ndi mizere yowala ya mamilimita 50, 90 ndi 135 imene inkasuntha yokha pokonza parallax. Pofuna kuti M3 ilandire mamilimita 35, Leitz inamangirira pa lenziyo timagalasi tiwiri tokhala kutsogolo kwa mazenera a kamera, timene ojambula anatitcha mandala, tochepetsa chithunzi kuti mizere ya 50 isonyeze dera la 35. Leica M2, imene inafika m'masitolo mu 1958, inatsitsa mlingo kufika pa 0.72 n'kupeza malo a mizere ya 35, ndipo mizere ya 28 inadikira mpaka M4-P ya mu 1980, ngakhale kuti inakhala m'mphepete penipeni mwa zenera moti munthu wovala mandala sangaione yonse nthawi imodzi. Nikon SP ya mu 1957 inayenda njira yanzeru kuposa zonse za nthawi yake, pomanga kazenera kachiwiri pambali pa zenera lalikulu, koonetsa dera la 28 ndi mzere wa 35, kutanthauza kuti chosuzumira chapadera chinalowetsedwa m'thupi la kamera. Canon 7 ya mu 1961 inatuluka yopanda nsapato n'komwe, chifukwa malo ake anatengedwa ndi choyezera kuwala, ndipo ogula lenzi ya mamilimita 28, 25 kapena 19 ankafunika kachitsulo kowonjezera kuti apeze poika chosuzumira, mpaka Canon 7s ya mu 1965 inabwezeretsa nsapatoyo. Ngakhale pa Leica M nsapato inali imodzi, ndipo choyezera kuwala chotchedwa Leicameter chinkakhala pomwepo, choncho wojambula ndi mamilimita 21 ankayenera kusankha pakati pa kuona malire a chithunzi ndi kuyeza kuwala kuchokera pakamera.

Kuchokera m'zopinga zimenezi munabadwa kajambulidwe kamene lero kamayesedwa luso lapadera. Popeza chosuzumira sichinkasonyeza kuti chinthu chikuoneka bwino kapena mwachimbuuzi, ndiponso malire ake anali ongoyerekeza, wojambula analibe chifukwa chokhalitsira diso pamenepo, ndipo ankaika mtunda ndi chibowo pasadakhale, kuyandikira anthu kwambiri, kukweza kamera kwa kamphindi, n'kuitsitsa. William Klein, amene buku lake la zithunzi za New York linasindikizidwa ku Paris mu 1956, anagwiritsa ntchito lenzi yotakata polowa m'kati mwa chigulu cha anthu m'malo mochiyang'anira patali, ndipo analola kuti nkhope zidukidwe m'mphepete ndi kutambasuka m'ngodya. Garry Winogrand anajambula misewu ya ku America ndi mamilimita 28 pa Leica M4, kamera imene inalibe mizere ya lenzi imeneyo, ndipo zithunzi zake zambiri n'zopendekeka mwadala, pamene Jeanloup Sieff wa ku France anatengera mamilimita 21 ku zithunzi za mafashoni ndi za malo, n'kugwiritsa ntchito kutalika kwa miyendo ndi kukula kwa thambo kumene lenziyo imabweretsa. Si zoona kunena kuti chosuzumira ndicho chinapanga ojambula amenewa, chifukwa Henri Cartier-Bresson anagwira makamera omwewo n'kukhalabe pa mamilimita 50 pafupifupi moyo wake wonse, koma n'zovuta kukana kuti chipangizo chosalonjeza malire enieni chinkakomera munthu wofulumira kuposa munthu wofuna kuyeza ngodya iliyonse. Kupendekeka kumene Winogrand ankakufuna kunali mdani wa ojambula nyumba, chifukwa lenzi yotakata ikangoweramitsidwa kapena kugadamitsidwa pang'ono makoma amaoneka ngati akugwa, ndipo n'chifukwa chake Hologon ya Zeiss ya mamilimita 15 ya f/8, imene anaikonza Erhard Glatzel ndipo inapangidwira Leica M mu 1972, inabwera ndi chosuzumira chokhala ndi kathovu ka mulingo monga ka amisiri omanga, pamodzi ndi galasi loderapo pakati lolinganiza kuwala kwa pakati ndi kwa m'ngodya.

Chimene chinagwetsa ufumu wa makamera amenewa ndi kapangidwe kena ka lenzi, kotchedwa retrofocus, kamene Pierre Angénieux wa ku France anakabweretsa pa makamera a filimu ya mamilimita 35 mu 1950, pa nthawi imene akatswiri a Zeiss ku Jena ankakonza Flektogon yotsata mfundo yomweyo. Mu kapangidwe kameneka galasi lalikulu lobalalitsa kuwala limaikidwa kutsogolo kokha, zimene zimalola lenzi yaifupi kukhala kutali ndi filimu kuposa nambala yake ya mamilimita, n'kusiyira kalilole malo odumphira. Malenzi oyamba otere anali aakulu ndipo ankapinda mizere kuposa Biogon, moti Nikon F itatuluka mu 1959, lenzi yake ya mamilimita 21 inali ya kapangidwe kakale, ndipo wojambula ankayenera kukhoma kalilole m'mwamba n'kuika chosuzumira chapadera pa kamera imene cholinga chake chinali kuthetsa zosuzumira zotere. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 malenzi a retrofocus anali atakhala abwino mokwanira, Zeiss Ikon inali itasiya kupanga Contax ya choyezera mtunda, Canon ndi Nikon zinali zitasamukira ku makamera a kalilole, ndipo Leitz yomwe inapeza kuti malenzi ake olowa kwambiri m'kamera sankagwirizana ndi kamkono koyezera kuwala kamene kanaikidwa kutsogolo kwa shata mu Leica M5 ya mu 1971, zimene zinathandiza kukankhira malenzi ake otakata a pambuyo pake ku kapangidwe kosiya malo kumbuyo.

Chosuzumira chapadera chinabwereranso mosayembekezereka mu 1999, pamene kampani ya Cosina ya ku Nagano m'dziko la Japan, motsogozedwa ndi Hirofumi Kobayashi ndipo ikugwiritsa ntchito dzina lakale la Voigtländer, inatulutsa Bessa L, kamera yopanda zenera losuzumirapo ndi yopanda choyezera mtunda, yogulitsidwa pamodzi ndi malenzi a mamilimita 15 ndi 25 amene aliyense anali ndi chosuzumira chake. Nzeruyi sinali yatsopano, chifukwa Leitz inali itapanga kale makamera opanda mazenera monga If ya mu 1952, imene inali ndi nsapato ziwiri, koma Cosina inaikhazikitsa pa mfundo yomwe ija ya Tessar ya m'ma 1933, yoti lenzi yaifupi sisowa kuyezeredwa mtunda, ndipo inatsitsa mtengo wa mamilimita 15 kufika pamene wophunzira akanatha kuufikira. Mu 2000 panatsatira lenzi ya mamilimita 12 yoona madigiri 121, ndipo mu 2007 Bessa R4 inakhala kamera ya choyezera mtunda yokhala ndi mizere ya 21 ndi 25 mu zenera lake lenileni, polola kuti mlingo utsike kufika pa 0.52, patatha zaka zoposa 50 chitulukire Biogon ya 21, ndipo Cosina inaleka kupanga makamera a Bessa mu 2015.

Makamera a digito anathetsa vuto loona malire a chithunzi, popeza amatha kuonetsa pa sikirini zimene lenzi ikuona, koma anabweretsa vuto limene filimu inalibe. Filimu imalandira kuwala kochokera kumbali iliyonse mosasankha, pamene sensa ya digito, imene imaphimbidwa ndi galasi ndipo tizigawo take tolandira kuwala timakhala ngati tili pansi pa timaenje, imalandira bwino kuwala kofika molunjika kokha, choncho malenzi monga Super-Angulon, Russar ndi Biogon yakale, amene galasi lawo lakumbuyo limayandikira kwambiri n'kuponya kuwala mopendekeka, amatulutsa mitundu yolakwika ndi chimbuuzi m'mphepete mwa chithunzi pa masensa ambiri. Malenzi amenewa amaonetsabe mphamvu zawo zonse pa filimu, m'makamera a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 amene anapangidwira, ndipo popeza chosuzumira chimatsetsereka mosavuta kuchoka mu nsapato yotha mphamvu n'kugwa kapena kusochera, malenzi ambiri akale amafika kwa ogula a lero ali okha, zimene zachititsa kuti zosuzumira za mamilimita 21 ndi 28 zikhale ndi msika wawowawo pakati pa ogulitsa zipangizo zakale zojambulira.